Lachinayi ku Khonsolo: Mjigo Wouma, Kalavati ndi Ziphaso za Pamsika

Kalata yoitanira mamembala inati 9 koloko m'mawa. Nthawiyo itakwana, m'holo munali amesenjala akupukuta mipando, mlembi ali ndi mulu wa mapepala, komanso mafumu awiri amene sachedwa pa chilichonse. Mvula inagwa usiku wonse, ndipo makhansala a mawodi akutali anali tsidya lina la mitsinje kudikira kuti madzi aphwe. Msonkhano wa khonsolo yonse suyamba mpaka chiwerengero cha mamembala ovota chitakwana, choncho pemphero lotsegulira linamveka cha m'ma 11.

Kwa amene sanalowemo m'holo yotere, kakhalidwe kake n'kotere. Kutsogolo kuli wapampando, yemwe ndi khansala wosankhidwa ndi makhansala anzake, ndipo pambali pake pali bwanamkubwa, a DC. Makhansala ndiwo eni voti. Mafumu a ndodo amalankhula, ndipo akalankhula holo imakhala zii, koma savota. Chimodzimodzi anthu asanu oimira magulu monga amayi, achinyamata ndi aulumali. Akuluakulu a nthambi, a zachuma, a zomangamanga, a mapulani, a zaumoyo, a maphunziro ndi a zaulimi amakhala pambali kudikira mafunso. Nkhani ya aphungu a Nyumba ya Malamulo ili ndi mbiri yake: kusintha kwa lamulo kwa mu 2010 kunawapatsa voti m'khonsolo, bungwe la makhonsolo la MALGA linakadandaula kukhoti, ndipo mu 2025 khoti lalikulu linagamula kuti zimenezo zikusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Lero mipando yawo yambiri inali yopanda anthu.

Maminitsi a msonkhano wapita anawerengedwa mothamanga. Anakonza dzina la mudzi limene linalembedwa molakwika, wina anapempha kuti avomerezedwe, wina n'kuikira kumbuyo, basi. Kenaka anafika pa zotsalira za m'maminitsi, ndipo apa ndi pamene munthu amadziwira ngati khonsolo ikugwira ntchito kapena ikungokumana. Mlembi amawerenga chigamulo chilichonse cha ulendo watha, ndipo mwini ntchito amaimirira kunena pamene wafika. Zigamulo zimene zinali ndi dzina la ofesi, tsiku lomalizira ndi thumba lotengako ndalama zinali ndi mayankho. Zimene zinangolembedwa kuti "sekiritariyeti iunikenso" zinabwera monga zinapitira. Sekiritariyeti ndi maofesi a ogwira ntchito ku khonsolo, otsogozedwa ndi a DC.

Pa zotsalirazo panali mjigo wa pa sukulu ina ya pulayimale, umene unakumbidwa chaka chatha nyengo ya mvula n'kuuma mu Okutobala. Khansala wa kumeneko anaimirira.

"Zikomo a wapampando. Ana akumwa madzi a padambo. Kontirakitala analandira ndalama zake. Ndani anasaina kuti ntchito yatha?"

Funso lake linali lolunjika pamalo oyenera, chifukwa mjigo uli ndi ndondomeko yake ndipo sitepe iliyonse imasiya pepala. Poyamba akatswiri amayeza malo kuti aone pamene pali madzi, patali ndi zimbudzi, makola ndi manda. Pokumba, woyang'anira wa ku ofesi ya zamadzi amayenera kukhalapo, akulemba kuya kwa dzenje, dothi ndi miyala imene ikutuluka, ndi pamene madzi apezeka. Akatero amalowetsa mapaipi, ena osabowola ena amipata polowera madzi, n'kuthira timiyala tosefa m'mbali. Kenaka amapemerera mpweya mpaka madzi atayera, amapopa kwa maola angapo kuti aone ngati madzi akubwerera msanga, ndipo amatenga madzi pang'ono kukayeza ngati ali oyenera kumwa. Pamapeto pake amawaka konkire ya pamwamba ndi ngalande, amaika pampu ya Afridev, n'kuphunzitsa komiti ya mjigo kusintha marabala, mabushi ndi kulumikiza ndodo. Mjigo umodzi umawerengeredwa anthu pafupifupi 250.

Chimene chimachitika pokumba m'dzinja n'chakuti madzi amakhala ali pafupi. Wokumba akangowaona akutumphuka amaimitsa makina, chifukwa mita iliyonse yowonjezera ndi dizilo. Woyang'anira akapanda kubwera chifukwa ofesi ilibe mafuta a njinga yamoto, kuya kolembedwa pa pepala kumakhala kwa m'kamwa mwa kontirakitala. Mjigo umatulutsa madzi bwinobwino tsiku loupereka, amayi amalulutira, ndipo chilimwe chikafika pampu imangokoka mpweya. Wa zamadzi anavomera kuti lipoti la kupopa koyesera mulibe m'failo. Chomwe chinapulumutsa khonsolo n'chakuti ndalama zosungira, zimene amadula pa malipiro a kontirakitala n'kuzigwira mpaka nyengo yoonera zolakwika itatha, zinali zisanaperekedwe. Anagamula kuti ndalamazo zisatuluke, kontirakitala alemberedwe kalata sabata ino, ndipo a zamadzi akayeze kuya kwenikweni kwa dzenjelo komiti ya zomangamanga isanakumanenso. Ndalama zosungirazo sizingakumbe mjigo wina, n'zochepa, koma kalatayo imalowa m'mbiri ya kontirakitala akadzapikisananso.

Malipoti a makomiti anayamba ndi a zachuma. Chaka cha boma tsopano chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, ndiye lipoti la lero linali la gawo lachitatu, Okutobala mpaka Disembala. Ndalama za khonsolo ya boma zimalowera m'makomo angapo. Pali zochokera ku likulu, zimene zimadzera m'ndondomeko ya NLGFC, bungwe loyang'anira ndalama za makhonsolo: zoyendetsera maofesi, za nthambi monga zaumoyo, maphunziro ndi ulimi, za thumba la chitukuko la khonsolo lotchedwa DDF, ndi za thumba la chitukuko cha madera a aphungu lotchedwa CDF, limene linayamba mu 2006. Pali za abwenzi otithandiza. Ndiye pali zimene khonsolo imatolera yokha: ziphaso za m'misika ndi m'madepoti, malaisensi a bizinesi, lendi ya nyumba ndi malo ogona alendo. Zochokera ku likulu zimabwera zitamangidwa kale pa ntchito yake. Simungatenge ndalama za mankhwala n'kulipira mlonda wa pamsika. Alonda, osesa ndi otolera misonkho amene khonsolo inawalemba yokha amadalira ndalama zotolera, ndipo zikachepa iwo ndi amene amayamba kugona ndi njala.

Mkangano unabuka pa misika. Wapampando wa komiti ya zachuma anasonyeza kuti msika wina waukulu, umene tsiku la msika munthu sapeza popondapo, unabweretsa ndalama zochepa kuposa kamsika ka m'mbali mwa msewu. Njira zimene ndalama za ziphaso zimatayikira aliyense m'holomo amazidziwa. Wotolera amalandira theka la mtengo osapereka chiphaso, wogulitsa n'kukondwa kuti wapulumutsa kangachepe. Kapena amapereka chiphaso m'mawa, n'kuchitolanso masana kwa amene wamaliza malonda, n'kuchigulitsa kachiwiri. Kapena ndalama zimagwiritsidwa ntchito zisanafike kubanki, akuti tagulira matsache ndi mafuta, malisiti adzabwera. Mankhwala akenso ndi odziwika: buku lililonse la ziphaso lilembedwe manambala ake m'kaundula potuluka ndi pobwerera, chiphaso chidindidwe tsiku, ndalama zikaikidwe kubanki zonse zisanakhudzidwe, ndipo otolera azisinthidwa misika mosawachenjeza. Njira ina yosavuta ndi kutumiza anthu a ku likulu la khonsolo kukatolera okha masiku angapo a msika. Zimene apeza zimakhala muyezo wa zimene msikawo ungabweretse.

Apa mfumu ina inapempha kulankhula, ndipo wapampando anati, "Takulandirani, Gogo Chalo." Mfumuyo inati anthu ake sakana msonkho, koma amafunsa kuti ndalama zikupita kuti pamene chimbudzi cha pamsika chinadzaza kalekale, zinyalala zaunjikana pafupi ndi ogulitsa usipa, ndipo ino ndi nyengo ya kolera. Inanena zoona. Wogulitsa tomato amene amalipira tsiku ndi tsiku n'kumakadzithandiza kuseri kwa chigayo sangamuone wotolera msonkho ngati mnzake. Anagwirizana kuti chimbudzicho chipopedwe ndi ndalama zotolera za mwezi uno, ndipo a zaumoyo apereke klorini ku komiti ya msika.

Anapumula cha m'ma 1 koloko. Fanta, mabanzi ndi mtedza. Nkhani zambiri za masana zinathera pakhonde pomwepo, anthu ali awiriawiri.

Komiti ya zomangamanga inabwera ndi kalavati amene anakokoloka pa msewu wopita ku chipatala chaching'ono. Funso loyamba pa nkhani ya msewu limakhala lakuti ndi wa yani. Misewu ikuluikulu, ya zilembo za M ndi S, ili m'manja mwa bungwe loona za misewu la Roads Authority, ndipo khonsolo ingangolemba kalata. Uwu ndi wa m'mudzi, ndiye mtolo ndi wa khonsolo. Injiniya anafotokoza kuti anaikapo mapaipi a mamilimita 600 pa khwawa lofunika a 900 kapena mizere iwiri. Paipi yaing'ono imatsekeka ndi mapesi ndi mchenga, madzi amasefukira pamwamba pa msewu n'kuyamba kudya dothi la kumunsi. Kuwonjezera apo makoma a m'mbali anamangidwa opanda maziko okwanira, potulukira madzi sanayalepo miyala, ndipo dothi lokwirira silinatsenderedwe bwino. Lole ya fetereza itadutsapo, paipi inasweka. Kumanga konkire m'khwawa mvula ikugwa n'kutaya simenti, choncho anagamula kuthira miyala ndi matumba a mchenga kuti ambulansi izidutsa, ntchito yeniyeni ilowe m'bajeti ya chaka chimene chikubwera.

Kenaka inabwera nkhani imene imabwera chaka chilichonse: kagawidwe ka ndalama za chitukuko. Makhansala ena amafuna kuti thumba ligawidwe mofanana, wodi iliyonse ilandireko kake. Wa mapulani anakumbutsa kuti ntchito siyenera kutuluka m'thumba la malaya a munthu. Imayamba ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, n'kupita ku ya dera la mfumu yaikulu, ADC, n'kulowa m'pulani ya chitukuko ya boma lonse ya zaka zisanu. Ntchito yomwe mulibe m'pulaniyo imagwetsa khonsolo pa kuunika kwa chaka ndi chaka kotchedwa LAPA, ndipo zotsatira za kuunikako ndi zimene zimatsegula kapena kutseka ndalama za pulojekiti ya GESD, yothandizidwa ndi World Bank. Anawonjezera kuti kugawa ndalama tizidutswatizidutswa ndi kumene kwadzaza boma lino ndi midadada ya sukulu yoima pa lintala, yopanda denga, udzu ukumera m'kati. Khansala aliyense amafuna chooneka cha kwawo, ndipo sitingamunene, anthu ake amamufunsa pamaliro ndi pachigayo. Koma makalasi awiri ofoleredwa amaphunzitsa ana, pamene maziko asanu ndi limodzi amangosunga mbuzi. Atakambirana kwa ola lathunthu anavota pokweza manja, ndipo mbali yofuna kumaliza kaye ntchito zoyambidwa inapambana ndi mavoti ochepa.

Mdadada wina mwa imeneyi uli ndi vuto lakelake. Kontirakitala anapempha ndalama zowonjezera, akuti mitengo ya simenti ndi malata inakwera. Pempho lotere si lachilendo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komanso nyumba za boma masiku ano zimamangidwa ndi mabuloko a simenti, osati njerwa zootcha, ndiye simenti ikakwera zonse zimakwera. Koma khonsolo yonse sipereka kontirakiti ndipo siisintha. Imeneyo ndi ntchito ya komiti yogula katundu ya m'sekiritariyeti, IPDC, motsata malamulo a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma. Makhansala ntchito yawo ndi kufunsa: mgwirizano unalola kusintha mitengo? Kuchedwa kunachokera kwa kontirakitala kapena kwa khonsolo imene inachedwa kulipira gawo loyamba la ntchito? Zinapezeka kuti khonsolo ndi imene inachedwa. Holo inakhala chete pang'ono, kenaka nkhaniyo anaibwezera ku IPDC.

Malire a pakati pa makhansala ndi sekiritariyeti amavutabe, ndipo chifukwa chake chili m'mbiri. Lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu zinabwera mu 1998, makhansala oyamba anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala lopanda makhansala mpaka chisankho cha patatu cha mu 2014. Zaka zisanu ndi zinayi maofesi anazolowera kuyenda popanda wowafunsa. Mpaka lero mapepala a msonkhano nthawi zina amagawidwa pakhomo m'mawa womwewo, ndipo khansala amayembekezeka kuvomereza lipoti la zachuma la masamba makumi angapo limene waliona koyamba akukhala pansi. Mmodzi anadandaula zimenezi, ndipo a DC analonjeza kuti ulendo wamawa mapepala adzatumizidwa masiku asanu ndi awiri msonkhano usanachitike, ngakhale pa WhatsApp. Mlembi analemba.

Malamulo aang'ono okhudza ziweto zolowa m'minda ya eni ndi nthawi yotsekera malo omwera mowa anadutsa mosavuta, popeza mafumu ndi ma ADC anali atafunsidwa kale. Sayamba kugwira ntchito mawa. Ayenera kupita kaye ku unduna kuti nduna ivomereze, ndipo kufikira pamenepo palibe amene angalipitsidwe chindapusa pogwiritsa ntchito malamulowo. Lipoti la zaulimi linanena za ntchemberezandonda m'minda ina ya chimanga. La zamaphunziro linanena za nyumba za aphunzitsi zimene mphepo inasasula. Onse awiri analandiridwa popanda funso, chifukwa nthawi inali itadutsa 4 koloko ndipo anthu anali akuyang'ana kumwamba kudzera pawindo.

Pa nkhani zina ndi zina panatuluka ya ma alawansi a misonkhano iwiri yapita, amene sanaperekedwebe. Wa zachuma anati adikire ndalama zotolera za mwezi uno, zomwe zija zalonjezedwa kale ku chimbudzi cha pamsika. Palibe anafunsa kuti ziyambira kuti. Shehe anatseka ndi pemphero, mlembi anasonkhanitsa pepala la zigamulo, ndipo makhansala a kutsidya anathamangira njinga zawo, mitambo itayamba kale kuda chakumapiri.