Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 3: Chilumba cha M'mabuku ndi Likoma Yathu

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene mayi ananditumiza kwa agogo ku Likoma ndisanayambe sukulu. Lero ndikambe za moyo wa pachilumbapo. Amene wandikumbutsa zambiri ndi mwana wanga wamkazi, wobadwira kuno ku Joni. Chimvereni kuti bambo ake anakulira pachilumba, buku lililonse la zithunzi lokhala ndi madzi pachikuto amalibwereka ku laibulale ya kusukulu kwawo, n'kudzalitsegula pamaso panga: "Adadi, kwanu n'chonchi?"

Mabukuwa amafanana. Mchenga woyera mbee, mitengo ya kokonati yowerama kumadzi, kamnyamata kopanda nsapato kakuthamangitsa nkhanu, agogo akusoka ukonde uku akumwetulira. Zambiri ndi zilumba za kunyanja zamchere, ku Caribbean kapena ku Pacific. Sindikuwanyoza ojambulawo ayi. Za kuyenda opanda nsapato ananena zoona, za ukonde nazonso. Koma m'mabuku amene afika m'nyumba muno sindinaonemo mwana akudikira sitima. Pachilumba chawo zonse zimamera pompo. Kwathu pafupifupi chilichonse chinkachita kuwoloka.

Likoma ndi kachilumba kouma, kamiyala, kukula kwake pafupifupi masikweya kilomita 18. Mitengo imene imakulandirani ndi milambe ndi mango. Chimanga sichichita bwino panthakayo, ndiye tinkadalira chinangwa. Agogo ankachiviika m'madzi, kuchiyanika pamwala, kusinja, n'kuphika kondowole. Ufa wa chimanga, shuga, sopo, parafini, ngakhale makalata, zonsezi zinkabwera pa sitima ya Ilala kuchokera ku Nkhata Bay. Nkhuni zinkachokera kutsidya la Mozambique, cha ku Cobue, m'mabwato a matanga. Paja Likoma ndi Chizumulu ndi za Malawi koma zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, moti mapiri amene tinkawaona tikadzuka anali a dziko la eni.

Ilala inapangidwa ku Scotland, n'kubwera zidutswazidutswa, ndipo inayamba kuyenda panyanja mu 1951. Ife ana za zakazo sitinkazidziwa. Chimene tinkadziwa ndi kulira kwake. Ikangolira, chilumba chonse chinkakhamukira ku Mbamba, kugombe kumene inkafikira, wina ndi dengu la utaka wouma, wina kukachingamira m'bale wake, enafe kungokaonerera. Masiku amenewo panalibe doko loti sitima n'kugunda kumtunda. Inkaima patali, anthu n'kumatsikira m'maboti, kenako n'kuyenda m'madzi ofika m'chiuno, katundu pamutu, makanda akupatsirana m'mwamba. Apa ndi pamene tinkapezera matambala. Ukasenza chikwama cha mlendo kukafika ku Chipyela, zitumbuwa za tsikulo zapezeka. Koma mwera ukakula cha mu Juni ndi Julaye, kapena sitima ikapita ku Monkey Bay kukakonzedwa, m'magolosale munkatsala mashelefu okhaokha. Agogo ankangoti, "Mwanawe, tiyi wopanda shuga sanaphepo munthu," n'kutipatsa mbatata.

Mwana wa m'buku amasewera tsiku lonse. Ifenso tinkasewera, koma masewera athu ankayendera limodzi ndi ntchito. Amalume ankapita usiku ndi nyali kukapha usipa, nthawi zina ndi ukonde wa chilimira kukakoka utaka. M'mawa ntchito yathu inali kuyanika nsombazo pathandala ndi kuingitsa akhwangwala, agalu ndi amphaka. Asungwana ankatsikira kunyanja ndi mbale, zovala ndi ndowa. Kusambira palibe anatiphunzitsa. Unkangoyamba kutsatira akuluakulu, kumwa madzi kangapo, basi watha. Chimene mabuku sangajambule ndi likodzo. Anyamata ambiri tinkakodza magazi, ena n'kumati ndi chizindikiro cha kukula, mpaka azaumoyo atabwera ndi mapiritsi kusukulu. Nkhungu nazo sindinazionepo m'buku lililonse, tizilombo tija touluka kuchoka m'nyanja ngati utsi wa tchire loyaka. Amayi ankazikola ndi malichero onyowa, kuzikanda, n'kukhala ndiwo. Nditamuuza mwana wanga zimenezi anachita tsinya n'kutseka buku.

Chinanso chimene chilumba cha m'mabuku chilibe ndi belu. Ife tinakulira pansi pa tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene amishoni a UMCA, a mpingo wa Anglican, anayamba kumanga mu 1903, pamalo pamene kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti, n'chifukwa chake pamatchedwa Chipyela. Amishoniwo anakhazikika pachilumbapo m'zaka za m'ma 1880 ndipo anabwera ndi sukulu. Anthu a ku Likoma anadziwa kulemba ndi kuwerenga kalekale, koma ntchito yogwiritsa maphunzirowo pachilumbapo inali yochepa. Ndiye sitima yomwe inkabweretsa shuga ndi yomwenso inkatenga anthu: aphunzitsi, akalaliki, anamwino, ansembe. Agogo aamuna anatsikira kumigodi ya kuno ku Joni nthawi ya Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito za kumigodi. Mabanja ambiri ankadyera ndalama za m'kalata. Pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano ena mwa opitawo ankabwerako, malipenga n'kulira, amayi n'kuvina chiwoda, ife n'kumayang'anitsitsa nsapato za obwerawo. Palibe mnyamata wa msinkhu wanga amene ankalota zodzakalambira pathandala.

Mwana wanga akukulira mumzinda wopanda nyanja. Madzi aakulu amene amawadziwa ndi a ku Zoo Lake, ndipo kusambira akuphunzira padziwe la khonsolo, molipira, mphunzitsi ali chilili ndi wezulo. Usipa amaudya ukabwera pabasi ndi anzathu ochokera kumudzi, ndipo amati umanunkha. Mabuku ake sindimamuletsa. Ndimangomuwonjezera zimene mulibe: apa pakanakhala mlambe, apa mtolo wa nkhuni, ndipo anthu onsewa akanakhala akuyang'ana kunyanja kuti aone ngati sitima yatulukira. Tsiku lina anafunsa, "Nanga kunali kwabwino chonchi, munachokerako chiyani?" Ndinamuyankha kuti dzina langa linatuluka pa mayeso a Sitandade 8, ndipo sekondale imene anandisankhira inali kumtunda.

Za ulendo umenewo, sutikesi yobwereka ndi mwera umene unatipeza tisanafike ku Nkhata Bay, tidzakambe m'gawo lachinayi.