Kasikuluwu kamodzi kandidyera tsiku lonse

Lero ndadzuka ndi ntchito imodzi yokha m'mutu: kupeza sikuluwu yomangira chigwiriro cha revolver yakale, mfuti yaing'ono ya m'manja ya ku America, ya m'zaka za m'ma 1880. Ndisanaigwire kwina kulikonse ndinayamba ndasuzumira m'mabowo onse a silinda, kachitsulo kozungulira kokhalamo zipolopolo, kuona ngati mulibe chipolopolo. Yatha zaka zambirimbiri isanalire, koma chizolowezi chimenechi sindichisiya.

Chigwiriro chake ndi cha mphira wouma wakuda, mbali ziwiri, ngati chimene a kampani ya Colt ankaika pa mfuti yawo yotchedwa Single Action Army m'zaka zomwezo. Sikuluwu imodzi imalowera kumanzere, n'kukagwira kanati kakang'ono kokwiriridwa m'mbali ya kumanja. Imene ndinaipezapo si yake ayi. Wina anangotsekerapo ya masiku ano, yamutu wotukuka, ndipo imangogwira mazinga awiri okha, timizere tozungulira ta m'kati mwa kanatiko. Ukagwira mfutiyo, chigwiriro chimagwedera.

M'mawa ndinakhuthula chitini changa cha masikuluwu patebulo. Ya saizi ya M3, yonenepa mamilimita atatu, inaoneka ngati ndiyo. Inalowa bwinobwino kawiri, kachitatu n'kulimba. Pamenepo ndinachotsa dzanja. Ndaonapo mfuti zambiri zowonongeka pa mphindi ngati imeneyi, munthu akuti "ingofunika kamphamvu pang'ono". Ukakakamiza, mazinga a kanati aja amadyeka, mwina kanatiko kamayamba kuzungulira m'malo mwake. Mphira wa zaka zoposa 130 sapindika, amangosweka. Sikuluwu ina ukhoza kusulitsa, koma chigwiriro chimene chinabwera ndi mfutiyo chikang'aluka, chapita.

Ndiye ndinasiya zoyerekeza, n'kuyamba kuyeza. Ndinasongola kamtengo kofewa, ndinakapotokolera pang'onopang'ono m'kanati muja, ndipo potuluka kanali ndi zipsera za mazinga. Nditaziwerenga ndi galasi lokuzira zinthu, zinkabwera pafupifupi 40 pa inchi imodzi, kutanthauza mamilimita 0.635 kuchoka pa zinga lina kufika pa linzake. M3 yake ndi 0.5. Kusiyanako n'kochepa moti maso sangakuone, koma mzere uliwonse kumawonjezekera, n'chifukwa chake sikuluwu yolakwika imayamba ngati ikulowa kenako n'kukana.

Masana ndinakhala pansi kuwerenganso za miyezo ya mazinga a masikuluwu, chifukwa imandisangalatsa. Joseph Whitworth anakhazikitsa muyezo wake ku Britain mu 1841, mazinga opendekeka madigiri 55. William Sellers anabweretsa wa ku America mu 1864, wa madigiri 60. Koma opanga mfuti ambiri anapitirizabe kudula mazinga awoawo m'mafakitale mwawo kwa zaka zambiri. Choncho ngakhale chiwerengero chitagwirizana, mtima usakhale pansi msanga. Ndinayesa ya 4-40, saizi ya ku America ya mazinga 40 pa inchi, inali yokhwepa pang'ono. Ya 5-40, ya mazinga omwewo koma yonenepako, siinalowe n'komwe. Yake yeniyeni ili pakati pa ziwirizi.

Ndinaimbira a mmisiri ena achikulire odziwa kusula tizitsulo ting'onoting'ono. Anandimvetsera mpaka kumaliza, kenako anati, "Musabwere ndi manambala okha, bwerani ndi mbali ya chigwiriro ili ndi kanatiyo. Tidula sikuluwu kutsata kanati, osati kanati kutsata sikuluwu." Mawu amenewa anandikhazika mtima pansi, poti ena akanafulumira kunena kuti tingobowola mazinga atsopano, mfuti n'kutaya chimene inabadwa nacho.

Tagwirizananso zina. Utali uthere ndendende pamene pathera kanati, chifukwa ikatulukira imalasa chikhatho. Mutu ukhale wolowa bwino m'kambale kake ka kumanzere, ndipo mpata wa sikuludiraiva ukhale wopyapyala monga ankachitira akale. Mtundu tiupeza poitenthetsa pamoto mpaka chitsulo chisanduke chabuluu, cha pa madigiri 300 a Celsius, koma ndawapempha kuti isawale kwambiri. Kachitsulo konyezimira pa mfuti yothimbirira kamaonekera patali.

Madzulo ano ndamasula mbali zonse ziwiri za chigwiriro, ndazikulunga m'kansalu kofewa, chilichonse pachokha. Mkati mwa ya kumanzere ndaona kamng'alu kakang'ono pafupi ndi bowo, umboni woti wina anamangitsapo kwambiri. Ndakajambula kuti ndidziwe ngati kakukula. Sikuluwu yolakwika ija ndaiika mu envulopu pamodzi ndi kamtengo kanga ka zipsera, ndalembapo miyezo yonse, ndipo mawa m'mawa ndinyamula zonsezi kupita kwa a mmisiri.