Mchenga Woteteza Gombe ku Netherlands

Ndakhala ndikuwerenga za kafukufuku wa katetezedwe ka magombe a nyanja yamchere, ndipo yomwe yandigwira mtima ndi ntchito ya ku Netherlands yotchedwa Zandmotor. M'chaka cha 2011, m'malo momanga khoma lotchinga mafunde, akatswiri anakumba mchenga wokwana makyubiki mita 21.5 miliyoni pansi pa nyanja ya North Sea, n'kuuthira pamalo amodzi pakati pa Ter Heijde ndi Kijkduin, kufupi ndi mzinda wa The Hague. Anausiya pomwepo kuti mafunde ndi mphepo ziumwaze pang'onopang'ono m'gombe monsemo kwa zaka pafupifupi 20.

Ofufuza a ku yunivesite ya TU Delft akhala akuyeza mmene mulu wa mchengawo ukusinthira, ena pogwiritsa ntchito zida za GPS, ena kudzera m'makamera omwe anawaika pa nsanja yaitali. Pakati pa mchengawo panapangika dziwe lomwe mbalame zimasonkhanapo.

Ine ndikuona kuti njirayi ndi yoyenera kuilingalira mozama ku Beira, limodzi mwa madoko omwe mafuta a galimoto obwera ku Malawi amadzera, komwe namondwe wa Idai anawononga kwambiri mu Marichi 2019, ngakhale kuti kubwereka zombo zokumbira mchenga kumadya ndalama zochuluka zedi.