Mapazi a zosaoneka: tsiku langa ku CERN

Tramu nambala 18 ndinaikwera pa siteshoni ya Cornavin mumzinda wa Geneva, ndipo inakanditula pakhomo penipeni pa CERN, malo aakulu ofufuzira tinthu ting'onoting'ono tomwe timapanga zinthu zonse, ku Meyrin, m'malire a Switzerland ndi France. Kunali chisanu cholowa m'mafupa, koma mtima unali dyokodyoko: lero nditsika pansi pa nthaka ndikaone ndi maso angawa ATLAS, chimakina chachikulu chounikira tinthuto.

Ndinalemba m'madzi. Makina a LHC, othamangitsa tinthuto kuti tiwombane, akamagwira ntchito palibe amene amatsikirako, ngakhale eni ake, chifukwa cha cheza choopsa chimene chimatuluka. Ndinangokhutira ndi chithunzi chachikulu cha ATLAS chopentedwa pakhoma. Chinthucho chili mamita pafupifupi 100 pansi, kutalika mamita 46, kulemera matani 7,000, pamalo amodzi a ngalande yozungulira ya makilomita 27 momwe ma proton, tinthu ta pakati pa atomu, amathamangitsidwa kuti awombane. Iyo ndi inzake CMS ndi zomwe zinapeza kanthu kotchedwa Higgs boson, nkhani yomwe inalengezedwa pa 4 July 2012.

Koma chomwe chinandigwira mtima ndi kabokosi kagalasi m'chipinda chamdima. Amakatcha cloud chamber. Pansi pake n'pozizira kwambiri, mkati mwake muli nthunzi ya spiriti. Poyamba simuona kanthu. Mukadekha, timizere toyera timayamba kutulukira, phethi, n'kusungunuka ngati utsi. Tina n'tatitali, towongoka ngati ulusi: timeneto ndi ma muon, obadwa kumwamba pamene cheza chochokera kutali m'mlengalenga chiwomba mpweya wathu. Tina n'tonenepa, tatifupi ngati mbozi: ma alpha. Tina tokhotakhota ngati njira ya woledzera: ma electron ofooka.

Ndinafunsa mayi wina wotilongosolera zinthu kuti, "Mayi, ndiye kanthuko ndi kameneka?" Anapukusa mutu. Kanthuko sitikaona, anatero. Timaona pamene kadutsa. Kakamadutsa kamathothola ma electron pa maatomu a m'njira, nthunzi n'kugwirana pamenepo kukhala timadontho. Pompo ndinakumbukira malume anga, mlenje, atawerama pa dothi lonyowa akunena kuti apa padutsa insa, inali kuthamanga, ndipo si kale. Insa sanaione. Wotulukira kabokosika, C.T.R. Wilson, analandira nako mphoto ya Nobel mu 1927.

Panja pali chithanki chachitsulo chotchedwa Gargamelle, chomwe tsopano chinapuma ntchito. Nzeru yake ndi yomweyo koma yotembenuza: m'malo mwa madontho mu nthunzi, munkapangika thovu m'madzi a freon. Makamera ankajambula, kenaka anthu, ambiri mwa iwo amayi, ankakhala pamatebulo kuunika zithunzizo chimodzichimodzi. Mmenemo ndi momwe mu 1973 anapezera zomwe amati neutral currents, njira ina imene tinthuti timakankhanirana. Ntchito yowawa maso ija inayamba kutha Georges Charpak atapanga, mu 1968, chipangizo cha mawaya ambiri chotumiza uthenga molunjika ku kompyuta.

ATLAS, yomwe sindinaione, ndi mlenje yemweyo atakula. Inamangidwa ngati anyezi. Chigawo chamkati, cha silicon, chimalemba njira ya kanthu kalikonse kokhala ndi mphamvu ya magetsi, ndipo maginito amakhotetsa njirayo kuti adziwe mphamvu yake. Kunja kwake kuli zigawo zochindikala zoimitsa tinthuto n'kuyeza mphamvu yomwe tasiya. Ma muon okha, osamva zimenezo, amapyola zonse n'kukakodwa pa chigawo chakunja. Magulu a ma proton amakumana maulendo 40 miliyoni pa sekondi, moti zambiri zimangotayidwa. Makompyuta amasunga zochepa zooneka zachilendo.

Kulowa n'kwaulere, koma khofi wa ku Geneva, abale, musandifunse.

Pobwerera m'tramu ndinatambasula dzanja pabondo. Amati pa chikhatho chotere pamadutsa muon mmodzi pafupifupi sekondi iliyonse. Ndinawerenga mpaka 20, osamva ngakhale kuyabwa, mpaka gogo wina amene anakhala moyang'anana nane anayamba kundiyang'ana modabwa.