Ndinkathirira maliro

Alamu anga ponyamuka ulendo wa ku Johannesburg mu Okutobala anandisiyira kamtengo kamumphika wosaya ngati mbale ya ndiwo. "Alamu, iyi ndi bonsai, mtundu wake juniper, ili ndi zaka 15. Mundisungire."

Zaka 15, koma kosafika n'komwe m'bondo! Nthambi atazikulunga ndi waya, mumphika muli timiyala m'malo mwa dothi. Ine, mdzukulu wa munthu amene anakalambira m'magadeni a ku Borrowdale mumzinda wa Harare, ndinagwidwa chisoni. Nkhanza zotere?

Ndinamasula waya yense, n'kukhuthula timiyala, n'kuikamo dothi lakuda la kudimba ndi manyowa a nkhuku. Poti dzuwa la Okutobala kwathu ku Mabvuku, ku Harare komweko, silicheza, ndinakalowetsa m'nyumba, pambali pa TV. Madzi m'mawa, masana, madzulo. Madzi ake a pamjigo, oti mayi a kunyumba aimira pamzere kuyambira mbandakucha, pakuti mpopi wathu umangotulutsa mpweya.

"Bambo a Chisomo, mtengo ukamwa, ife tisamba chiyani?"

Sindinayankhe. Timasamba tosongoka tija titayamba chikasu, ndinati ndi ludzu, n'kuwonjezera madzi. Titayamba kuyoyoka, ndinati ndi njala, n'kuwonjezera manyowa.

Mu Disembala ndinakanyamula pamiyendo, makombi awiri mpaka ku Highfield kwa agogo. Mayi wina anasendera kutali, ati ndanyamula zitsamba za kwa sing'anga.

Agogo anakayang'anitsitsa, kenako n'kuyang'ana ine.

"Iwe, unaonapo mkungudza wa ku Mulanje ukuonera TV? Ameneyu ndi mbale wake. Malo ake ndi panja, padzuwa ndi pamphepo."

Anatenga pepala loyera n'kugwedezera nthambi pamwamba pake, kufuna kuona ngati pagwe tiakangaude toyamwa masamba. Pepala mbee. Mtima unayamba kukhala pansi. Ndiye anazula kamtengo mumphika muja. Fungo lake! Mizu yakuda bii, yofewa ngati therere.

"Timiyala tija unataya n'toti madzi azidutsa, mizu izipuma. Umathirira ukapisa chala n'kumva kuti pamwamba payamba kuuma. Waya uja ndiye amapinda nthambi, ntchito ya zaka imeneyo."

"Ndiye tikapatse mankhwala anji, agogo?"

Anakanda khungwa ndi chikhadabo. Mtengo wamoyo umaonetsa zobiriwira mkati. Wanga unali wofiirira, wouma gwa, kuyambira patsinde mpaka kunsonga.

"Mtengo uwu uli ndi chinyengo. Umafa, masamba n'kukhalabe obiriwira milungu ingapo. Pamene unkaona chikasu, mwina zinali zitatha kale. Wakhala ukuthirira maliro, mdzukulu wanga."

Mayi a Chisomo atamva, anangowerenga zigubu ndi zala, osanena kanthu.

Usiku womwewo uthenga wa alamu unalowa pa WhatsApp: "Kamtengo kali bwanji? Tatumizani chithunzi."

Ndinakabweza mumphika, n'kukaimika bwinobwino, n'kujambula. Ndinatumiza cha blaki eni waiti.