Kasitomala sadya kalendala

Popeza nkhaniyi yafika kale kwa alamu anga ku Lizulu, ndipo yafikako itamera nyanga ndi mchira, ndati ndiinene ndekha mwini wake. Choyamba, chosefera mafuta chija sichinali kabudula wamkati ayi. Inali vesiti. Yochapa bwinobwino, ndi sopo.

Pamzere wathu pali ziwaya zisanu za tchipisi. Mbatatesi tonse timapikula ya ku Tsangano, kabichi ndi yemweyo, tsabola wa kambuzi ndi yemweyo. Chosiyanitsa ndi kukhosi basi, wokuwa kwambiri ndiye amagulitsa. Ine ikamakwana 2 koloko mawu amakhala atasasa ngati tambala wokalamba. Ndiye poona anyamata a mankhwala a makoswe akungoyenda phee, chokuzira mawu chikuwagwirira ntchito, ndinati nanenso ndilembe waganyu wosadya nsima. Ndinagula kasipika kotchaja, kaja kolowa memore ndi fulashi.

Amene mukufuna kutero mverani, poti maphunzirowa ine ndalipira ndi ulemu wanga. Batire yake ndi imodzi, ya mtundu wotchedwa 18650. Voliyumu ikakhala pakati kanga kamatha maola anayi, mukakweza mpaka kumapeto sikafika awiri ndipo mawu amayamba kunjenjemera. Memore isapitirire 32GB ndipo ikhale yofomatidwa mu mtundu wotchedwa FAT32. Zazikulu kuposa apo zimabwera ndi mtundu wina wotchedwa exFAT, kasipika kamangoiyang'ana ngati mlendo wosamudziwa. Ya 2GB ikukwana mpaka kutsala. Nyimbo ndinazikana dala. Kuimba nyimbo za eni ake pamalo a malonda kumafuna chiphaso cha COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, komanso nyimbo imaitana ovina, ndipo wovina sagula, amangokutchingira makasitomala. Ndinasankha mawu anga enieni.

Ndinajambula Lachinayi usiku kukhitchini, pa foni. Kasanu ndi kawiri. Koyamba galu anauwa, kachiwiri ndinatsokomola, kenako zina ndi zina, mpaka kachisanu ndi chiwiri kanatuluka bwino: "Tchipisi cha moto! Mafuta atsopano, a lerolero! Saladi ndi waulere!"

Vuto ndi loti foni yanga imasunga mawu mu m4a pomwe kasipika kamafuna MP3. Choncho m'mawa wa Lachisanu ndinapita kwa mnyamata wobena nyimbo. Ndinamufotokozera mwaukatswiri: mawu a masekondi 20, kenako masekondi 40 a zii kuti anzanga oyandikana nawo asandigende, ndiye abwereze ka 60 kuti fayilo ikwane ola lathunthu. Mnyamatayo maso ali pa kompyuta anafunsa kuti, "Zonsezi, bigi?" Ine ndinati ee, poganiza kuti akunena maulendo 60 aja. Iye amanena zonse za mufoda. Tsono weruzani nokha wolakwa ndani pamenepa.

Tinayesa pompo, mphindi ziwiri, mawu ali mbee. Amene amayesa fayilo ya ola limodzi mpaka kumapeto ndani? Chimene sindinachiganizire n'choti tisipika totchipati tilibe batani lobwerezera fayilo imodzi. Ikatha yoyamba kamapita pa yotsatira, ndipo kamatsata mmene mafayilo analowera mu memore, osati maina awo. Yanga yabwino inalowa koyamba. Kumbuyo kwake kunali kutafola abale ake asanu ndi mmodzi.

Poopa akuba ndinakamangirira pamwamba pa mzati wa shedi, waya ndinapota ndi pulayala katatu. Switchi yake ili kumsana, ndiye nditayatsa inakanirira kumzati. Apa ndiye ndinadzitchera ndekha msampha.

Ndinayatsa 11:30. Abale, zinthu zinayenda. Theka la ndowa limene limandifikitsa 3 koloko linatha mu ola limodzi. Akabaza anadzaza benchi, amayi a m'maofesi anaima pamzere, mnzanga wa chiwaya choyandikana akungokankha nkhuni ndi nkhope ya pamaliro. Ine ndikuvundula mwakachetechete ngati bwana, kukhosi kuli pa holide.

12:30 inakwana.

Kasipika kanati kwatcha, kenako kunamveka kukhosomola. Kwanga. Kenako mawu anga, ofewa, a kunyumba: "Mafuta atsopano, a lerolero." Ndiye panabwera mawu amene ndimawadziwa ngakhale ndili m'tulo, a mayi a kunyumba, omveka bwino kuposa a muulutsi wa nkhani za 7 koloko:

"A lero ake ati, abambo? Si a Lachiwiri aja mwasefera vesiti yanu ija?"

Msika wonse unati zii. Ngakhale mafuta m'chiwaya anachepetsa phokoso kuti amve nawo. Panali bambo wina wa tayi pabenchi, foloko itafika theka la ulendo wopita kukamwa. Foloko ija inaima m'malere. Pa iyo panali katchipisi kamodzi, kodontha. Bamboyo anayang'ana katchipisi, anayang'ana chiwaya, kenako anayang'ana pachifuwa panga, pamene kolala ya vesiti imasuzumira pansi pa malaya. Anaiyang'ana nthawi yaitali, ngati akufuna kuifunsa ngati ndi iyeyo kapena mng'ono wake. Dontho la mafuta linachoka pa foloko n'kugwera pa tayi. Sanapukute. Kukamwa kunali chitsegukire, ntchentche inadutsa, inaona kuti si bwino, inabwerera. Ine ndikuganiza kuti tinakhala choncho zaka ziwiri.

Ndipo pamwamba pa mzati ine wa Lachinayi usiku ndinayankha, modzikhulupirira kwambiri:

"Khalani chete inu. Kasitomala sadya kalendala."

Ndinalumphira pabenchi. Tsono mabatani a tisipikati ali ndi ntchito ziwiriziwiri: ukadina + kamodzi mwachangu umapita pa fayilo yotsatira, ukakanikiza osasiya umakweza voliyumu. Munthu wogwidwa ndi mantha sadina mwachangu, amakanikiza. Voliyumu inakwera mpaka kanalira kuti tiii, ndipo kuseka kwa mayi a kunyumba kunamveka mpaka kusiteji ya maminibasi. Nditadina bwino kanapita pa fayilo yachitatu, momwe ndikuyeserera mawu a bezi, galu akundithandiza. Yachinayi ndikukambirana ndi akazi anga ngati "saladi waulere" angachepetsedwe kufika masamba atatu a kabichi. Memore imafuna chikhadabo kuti ituluke, zala zanga zinali noninoni, imangoterereka. Switchi ili kumzati. Pulayala ndinamusiya kunyumba. Ndinadina batani la M, kanalumphira pa wailesi ya FM yopanda siteshoni, phokoso la shiii ngati mvula ya pamalata. Limenelo ndiye linali phokoso lokoma koposa limene ndinamvapo chibadwire.

Kumbuyo kwanga tchipisi chinali chitapserera.

Tsopano ndiloleni ndinene zoona zake, poti akabaza akuikometsera. Mafuta a Lachiwiri sanali onse. Aliyense wa chiwaya amadziwa kachitidwe kake: madzulo mafuta akazizira umasefa kuchotsa tizidutswa takuda, chifukwa ndi timeneto timawawitsa, umasunga m'chigubu chotseka, m'mawa umathirako atsopano lita imodzi kapena ziwiri. Akayamba kuda, kuchita thovu kapena kufuka utsi moto usanakule, umataya. Ndiye mwa malita asanu amene anali m'chiwaya, awiri anali a lerolero ndithu. Sindinaname, ndinangolankhula za awiriwo. Komanso chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiuzeni wa chiwaya amene amataya mafuta tsiku lililonse, ndikamugwire chanza. Mnzanga woyandikana uja anaseka mpaka kukhala pansi, chonsecho ake ndikuwadziwa, anaona Pasaka. Za vesiti, nsalu yake ndi ya thonje yolukana bwino, imagwira tinyenyeswa timene sefa wa waya amatilola kudutsa. Ndinasiya kuivala kalekale. Imene anaiona bambo wa tayi inali ina.

Bamboyo, mwa njira, anamaliza mbale yake. Analipira, n'kunena kuti, "Achimwene, cha Lachiwiri chomwechi chikukoma," ndipo anapita ndi dontho lake pa tayi.

Loweruka ndinabwerera kwa wobena uja, tinafufuta memore yonse n'kuikamo fayilo imodzi yokha, ndipo ndinakhala pomwepo mpaka ndinaona ndi maso anga kuti ndi imodzi. Mawu oti "a lerolero" tinawachotsa. Kasipika pano kamakhala m'kabasiketi kokhoma ndi loko, switchi ikuyang'ana kwa ine. Ndinagulanso sefa ndi kansalu koyera ka kushopu, ndimakayanika poonekera.

Ndowa ikutha isanakwane 2 koloko masiku ano, kaya ndi kasipika kaya anthu akubwera kudzaona vesiti. Ana a sukulu akamadutsa amakuwa kuti "A Kalendala, lero n'lachingati?" Mayi a kunyumba akuti popeza mawu awo ndi amene anatchukitsa bizinesi, ndiziwapatsa kenakake pa mbale iliyonse. Tikukambiranabe, foni ndimaisiya panja.