Mbiri ya moyo wanga, gawo 12: Mbuzi zopatsirana ndi malipoti osabwerera kumudzi

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene ndinasiya ulangizi wa boma n'kulowa ntchito ku bungwe lina lomwe si la boma, limene linkatumikira midzi ya m'boma la Dedza. Njala ya 2002 inali itangodutsa kumene, ndipo mabungwe anali atachuluka m'midzi, makamaka chifukwa ndondomeko ya ulangizi ya chaka cha 2000 inalola kuti ntchito yolangiza alimi isakhale ya unduna wa zaulimi wokha. Ife amene tinakulira m'dongosolo la mabuloko, momwe mlangizi wa boma ankayendera alimi ogawidwa m'magulu a m'dera lake, tinazolowera kuti uthenga umachokera kwa akatswiri a kafukufuku ku Chitedze kapena ku Bvumbwe, n'kudzera ku ADD, ofesi ya zaulimi yoyang'anira maboma angapo, ndi ku EPA, ofesi yaing'ono ya zaulimi ya m'dera, kenaka n'kufika kwa mlimi. Ndinkayembekezera kuti ku mabungwe ndikapeza njira yobwerera, yoti zimene mlimi waona m'munda ndi m'khola mwake zizikafikanso kwa okonza mapulani.

Anandipatsa ntchito yoyang'anira mbuzi zopatsirana. Dongosolo lake ndi lodziwika: banja limalandira mbuzi zazikazi, ndipo zikaswa limapereka ana oyamba ku banja lina la m'gulu lomwelo. Pamsonkhano wodziwitsa anthu, a gulupu anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anandifunsa mwaulemu kuti, "Alangizi, kodi mwafunsa za mbuzi zimene zinabwera kuno kale?" Iwo anaitanitsa mayi wina amene anali mlembi wa kalabu ya alimi, ndipo mayiyo anabwera ndi kope lachikuto cholimba, lokulungidwa m'jumbo ya shuga kuopa chinyontho.

M'kopemo munali mbiri yonse ya pulojekiti ina imene inagawa mbuzi m'dera lomwelo zaka zingapo m'mbuyomo. Mayiyo analemba dzina la wolandira, tsiku limene mbuzi inaswa, tsiku limene inafa, ndiponso mmene inkaonekera isanafe. Aliyense wowerenga mofatsa akanaona kuti mbuzi zambiri zinafa pakati pa Januwale ndi Malichi, zitatsegula m'mimba ndi kutupa pansi pa chibwano, zomwe ndi zizindikiro za njoka zam'mimba. Akanaonanso kuti zimene zinapulumuka zinali za mabanja amene anamanga makola am'mwamba, momwe ndowe zimagwera pansi, pamene zogulidwa kutali, kumadera otentha, zinalephera kupirira chisanu cha ku Dedza. Pulani imene ndinanyamula m'chikwama changa inali yogula mbuzi kutali, kuzigawa mvula itayamba, ndipo munalibe ndalama ya mankhwala a njoka.

Nditafufuza ndinapeza kuti bungwe loyambalo linalemba lipoti lomaliza, m'Chingerezi, n'kulitumiza kwa amene anapereka ndalama kunja. Ofesi yawo inatsekedwa pulojekiti itatha, ogwira ntchito anabalalika kukasaka ntchito kwina, ndipo ngakhale komiti ya chitukuko ya m'dera, ya ADC, sinalandire pepala ngakhale limodzi. Ichi ndicho chilema chimene ndinachiona m'mapulojekiti ambiri a zaka zitatu kapena zisanu: chidziwitso chimakhala m'mitu ya anthu olembedwa pa kontirakiti, pamene malipoti amakwera kumtunda atadzaza manambala a anthu ophunzitsidwa ndi ziweto zogawidwa. Fomu ya lipoti la pamwezi inali ndi kabokosi kakang'ono ka mavuto, ndipo tonse tinkadziwa kuti wolemba zambiri m'kabokosiko amaoneka ngati ntchito yamukanika.

Abwana anga poyamba sanafune kusintha pulani, ponena kuti bajeti inavomerezedwa kale ndipo kuikhudza kungachedwetse ndalama. Ndinawapempha kuti apite okha akaone kopelo, ndipo atakhala pamkeka n'kuliwerenga tsamba ndi tsamba, anavomera kulembera opereka ndalama. Tinagula mbuzi zam'deralo, tinazigawa m'chilimwe, ndipo banja lililonse linkayenera kumanga khola lam'mwamba lisanalandire. Kusintha kumene ndimakuona kwakukulu kunali kwa msonkhano wathu wa pamwezi, chifukwa tinagwirizana kuti ola loyamba likhale lofotokoza zimene zakanika ndi chifukwa chake, popanda kuloza munthu chala. Miyezi yoyamba anthu ankangoyang'ana pansi, mpaka pamene abwana eniake anayamba kufotokoza zimene zinawakanika iwowo. Dalaivala wathu, amene ankamva zambiri kwa alimi kuposa ife chifukwa iwo sankamuopa, anakhala mmodzi wa olankhula zothandiza kwambiri pamisonkhanoyo.

Tinayambanso kulemba tsamba limodzi m'Chichewa pakutha pa nyengo iliyonse, lonena zimene tayesa ndi zimene zatuluka, n'kusiya makope kwa mlangizi wa boma, ku ADC ndi kwa alembi a magulu. Opereka ndalama sanawerengere ntchitoyi pa zimene tinakwaniritsa, popeza inalibe mzere wake pa fomu yawo, ndipo ndalama ya fotokope nthawi zina inkachokera m'thumba mwathu. Pulojekiti itatha ndinasamukira ku Salima, kumene ndinakakumana ndi nkhani ya mapampu opalasa, yomwe ndidzaifotokoza m'gawo lotsatira.